Bakayawo Wosaviika

Ndatopa nalo bodza ili, lekani ndiulule. Komboni yonse ya Torwood imadziwa kuti ndinali khukhi wa Apwitikizi ku Beira. Zoona zake, ndinkangotsuka mbale.

Mwana wanga atakwatira, anabwera ndi mkazi wake atanyamula bakayawo, nsomba youma yamchere ija. "Baba, muphikireni muroora wanu chipwitikizi."

Ine osadziwa kuti amayamba aiviika m'madzi tsiku lonse, ndinangoiponya mumphika ndi mbatatesi. Mchere wake unali woti ng'ombe zizinyambita. Mpongozi wangayo, mwana wa eni, ankameza mwaulemu, misozi ikulengeza.

"Ndi mmene amadyera eni ake," ndinatero, nkhope ili gwa.

Mpongoziyo anakhulupirira. Khirisimasi iliyonse amandiphikira bakayawo wosaviika, ati kundilemekeza. Ndimamaliza mbale yonse, n'kuthokoza, kenako n'kukakhala pafupi ndi mpopi.