Dzanja la Owotcherera Zitsulo

Pa Namadzi pali bambo ena owotcherera zitsulo, amene masiku ano amadula mitanda ya kumanda yambiri kuposa mafelemu a mawindo. Luso lawo lagona pa kampata kochepa ngati njere ya mpunga, kamene amasiya pakati pa tochi ya gasi ndi chitsulo. Chitsulo chikamapindika ndi kutentha, dzanja lawo limakwera ndi kutsika nacho. Amakonda kunena kuti, "Ukatsitsitsa moto umazima, ukakwezetsa chitsulo sichiduka."

Mwezi watha mwana wawo Ursula anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo mtanda wake anafuna kudula okha. Dzanja linanjenjemera, tochi inagunda chitsulo n'kuzima katatu konse.

Mng'ono wawo wogwira ntchito m'tauni anati, "Achimwene, ndipatseni ndipite nacho. Kuntchito kuli makina a kompyuta, amayeza okha mpatawo."

Bambowo anayatsanso tochi. "Ayi. Ukhale wokhota chomwecho, Ursula adziwe kuti anadula ndi bambo ake."

Mtandawo anakauzika kumanda a ku Likoswe uli wokhota. Dzanjalo silinakhazikikebe mpaka lero, ndipo mabanja anayi ofedwa akudikira mitanda yawo.