Mchere m'phala la Yohane

Moni nonse. Ndangofika kuchokera kwa Yohane ku Bwacha, mtima ukundiwawa.

Mukudziwa kuti chiyambireni chithandizo cha khansa ya pakhosi, mng'ono wanga Yohane ali ndi zilonda m'kamwa. Mlamu, amake Tisa, amamuphikira phala losalala lopanda mchere, monga anawauzira kuchipatala.

Lero achemwali athu aakulu alawa phalalo n'kukuwa: "Nthawi ya chipani chimodzi tinkaima pamzere kufuna mchere. Lero uli mbwee, inu mukumumana mwamuna wanu?" Basi athiramo.

Yohane, poopa kuchititsa manyazi achemwali ake, wameza masipuni atatu misozi ikutsika. Pomwe ndimachoka, ngakhale madzi amakana. Mlamu ndawapeza kuseri kwa nyumba akulira, akuti ngati sitikuwakhulupirira abwerera kwawo ku Petauke.

Ine ndinadwazika malemu mkazi wanga, kutopa kwake ndimakudziwa. Mayiwa akachoka, adzamudyetsa ndani?

Pempho langa: tizipita kukapemphera nawo, koma mbale ya Yohane tiwasiyire akazi ake. Mukuti bwanji? Nanga achemwali akawauza ndani? Ine ndayesa, andiyankha kuti ndine mwana.