Mayi Nagumo ndi Bwalo la Agalu

Mayi Nagumo Tokiko anasesa m'paki ya m'tauni yathu zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo zaka zonsezo sanakhudzepo galu ndi dzanja.

Anabadwira kumapiri, kwa makolo oweta mbozi za silika. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, galu wa anansi anawaluma pakatumba akupita kusukulu. Atakula anakwatiwa ndi mmisiri wosoka mphasa zoyala m'zipinda. Anthu atayamba kumanga nyumba zosafuna mphasa, ntchito ya bamboyo inachepa, mayiwo n'kukalembedwa kupaki. Anawapatsa tsache, wilibala, magolovesi ndi makiyi atatu. Kiyi wachitatu anali wa bwalo la agalu.

Bwalolo linali ngodya chabe ya paki, yotchingidwa ndi waya, geti limodzi. Mvula ikagwa linkasanduka dambo. M'nyengo yozizira, mphepo yochokera kumapiri ikawomba, fumbi lake linkalowa m'maso ndi m'mano. Komabe m'tauni yonse ndi pokhapo pomwe munthu ankaloledwa kumasula galu pachingwe, choncho ine ndi kagalu kanga Mugi tinkapitako tsiku ndi tsiku.

Mayi Nagumo ankalowamo sikisi koloko m'mawa, agalu asanafike. Ankatola zomwe eni agalu aiwala dala, kukwirira maenje, n'kutuluka msanga. Masana ankasesa masamba chapatali, maso ali kuwaya.

Tsiku lina anachedwa, tayala la njinga yawo litaphwa. Anapeza Bambo Shiomi, mphunzitsi wopuma pantchito, atamasula kale chigalu chawo, Goro. Mayiwo atangokankha geti ndi wilibala, Goro anatulukira pambali pawo, iwo n'kukwera pabenchi ya panja, tsache lili m'manja.

"Tsikani mayi, saluma ameneyu!" anatero Bambo Shiomi.

"Nonse mumatero. Amene anandiluma uja nayenso mwini wake ankati saluma."

"Ndiye mukhala pamenepo mpaka liti?"

"Mpaka mumugwire. Ana makumi anayi munkawatha m'kalasi, lero galu mmodzi wakukanikani, aphunzitsi?"

Bambo Shiomi anakamugwirira Goro pamsewu waukulu, basi itaima dala, dalaivala akuliza hutala.

Patapita chaka, a khonsolo anaitanitsa msonkhano wokambirana zokonzanso bwalolo. Tinasonkhana m'holo ya m'dera Loweruka masana, anthu ngati makumi atatu. Mayi Hirota a ku ofesi yoona za mapaki anapachika chithunzi pakhoma: kapinga wapulasitiki wobiriwira bwalo lonse, kasupe pakati, ndi chiboliboli cha galu pakhomo. Tinawomba m'manja. Mayi Nagumo anabwera kudzangoyala mipando, ndipo anali kumbuyo akuthira tiyi m'makapu.

"Tatiyeni tifunse awo," anatero Bambo Shiomi, akuwaloza ndi chibwano. "Amalowamo kuposa tonsefe."

"Ine ndine wosesa chabe," anayankha mayiwo.

"Nenani, mayi, tikumva," anatero Mayi Hirota, akuyang'ana wotchi.

Mayi Nagumo anaika ketulo pansi. Anati madzi amadikha kungodya ya kumpoto chifukwa kale panali dziwe, ndiye pasanaikidwe chilichonse pakumbidwe ngalande. Anati pulasitikiyo mu Ogasiti adzatentha ngati chiwaya, ndipo wosakhulupirira akayese kuponda wopanda nsapato pulasitiki wa pabwalo losewerera ana masana. Tiagalu ting'onoting'ono tikhale ndi mbali yake, chifukwa tonse timabisala pansi pa benchi Goro akalowa. Waya akwiriridwe pansi chikhatho chimodzi, pakuti pali agalu atatu okumba, ndipo anawatchula mayina. Wachiwiri anali Mugi wanga. Ndinayang'ana pansi.

"Koma chachikulu ndi mageti," anatero. "Akhale awiri, kakhonde pakati. Munthu atseke loyamba asanatsegule lachiwiri."

Mayi wina wa kutsogolo anatembenuka. "Iii, kodi mumawakonda chonchi agalu athuwa?"

"Ayi. Ndimawaopa. N'chifukwa chake ndimawayang'anitsitsa."

Anthu anaseka, iwo osaseka. Ananyamula ketulo n'kupitiriza kuthira tiyi.

Ntchito inayamba chipale chofewa chitasungunuka kumapiri, ndipo inatenga miyezi iwiri. Ngalande inakumbidwa, mageti awiri anaikidwa, tiagalu tinapatsidwa mbali yake. Kasupe anasanduka mpopi wamba wofupika, wokhala ndi mbale yachitsulo. Chiboliboli chinaiwalika. Koma kapinga wapulasitiki anali ataitanitsidwa kale, ndiye anamuyala theka la bwalo, theka linalo n'kuthira tizidutswa ta mitengo.

Tsiku lotsegulira tinawasungira Mayi Nagumo mpando kutsogolo. Sanabwere. Linali Lachiwiri, tsiku lawo lopuma, ndipo anapita ndi amuna awo kuchipatala kukapimitsa maso.

Ogasiti atafika, agalu onse ankaunjikana kumbali ya tizidutswa ta mitengo. Kobiriwira kuja kunkangoti mbee, kopanda ngakhale mpheta. Bambo Shiomi anavula nsapato tsiku lina kuti ayese okha, ndipo anabwerako akudumphadumpha. Anapita kukawapeza mayiwo pomwe ankadya mpunga wawo wa masana pansi pa mtengo.

"Munanena zoona, Mayi Nagumo. Mapazi apsa awa."

"Pakani mankhwala," anatero iwo. "Ndiponso Goro wayamba kutsimphina mwendo wakumbuyo. Sabata yachiwiri ino."

Bambo Shiomi anali asanazione. Dokotala wa ziweto anapeza chotupa pabondo, n'kuchichotsa chisanakule. Bamboyo anabweretsa bokosi la mapeyala kudzathokoza. Mayiwo anakana kawiri monga mwa ulemu, kachitatu n'kulandira, ndipo anagawana ndi anzawo a ntchito.

Chaka chotsatira pulasitiki uja anachotsedwa mwakachetechete. Mayi Nagumo anangodandaula kuti ochotsawo anasiya misomali m'dothi. Anaitola masiku atatu ndi maginito omangirira kundodo.

Anapuma pantchito ali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu. Wolowa m'malo mwawo anali bambo wina wochezeka, woti galu aliyense ankamunyambita kumaso. Tsiku lomaliza mayiwo anamuyendetsa m'mbali mwa ngalande, kumuonetsa pomwe masamba amatseka madzi mu Novembala ndi waya wokolera zinyalalazo, yemwe ankamubisa kuseri kwa chimbudzi. Ife tinali titagwirizana kuti tiwajambule chithunzi limodzi nafe nthawi ya nkhomaliro. Koma kumwamba kunayamba kuda isanakwane, ndipo mayiwo anati anasiya zofunda padzuwa. Anatiweramira kamodzi, anakwera njinga n'kumapita.