Nsalu ya Chipani pa Bokosi la Bambo

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Ndinali nditangotsamira khoma la khitchini, popeza pa siwa munthu sagona kwenikweni. Mwera unkawomba wozizira mpaka m'mafupa, ndipo amayi a m'mudzi anali atadzifunditsa zitenje mpaka kumutu, akuimba mawu atasasa. Ndinakoleza moto kuseri kwa nyumba, tinatereka madzi a tiyi n'kuyamba kusankha mpunga.

Bambo anga anali a mpingo wa Abwenzi, umene ena amati Akweka. Chikhulupiriro chimenechi anabwera nacho kuchokera ku Bulawayo kumene ankagwira ntchito ya njanji. Kwathu kuno ku Bua analipo awiri okha, iwo ndi mayi. Mpingowo ulibe mbusa, ulibe ng'oma. Anthu amangokhala chete pamodzi, amene wamva kuti ali ndi mawu n'kulankhula. Anthu ankawaseka kuti amapemphera ngati akudikira basi.

M'nthawi ya chipani chimodzi, nyumba za anthu okana kugula khadi zitatenthedwa, bambo anabisa banja lina m'nkhokwe yathu ya mpunga. Wina anakawaneneza. Bambo anakhala m'ndende zaka zinayi osazengedwa mlandu, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene chinadzawapha. Wowanenezayo tonse tinkamudziwa, anali tcheyamani wa achinyamata m'dera lathu. Zinthu zitatembenuka pa referendamu, anyamata anatenga palafini kuti akatenthe nyumba yake. Bambo ananyamula mpando wawo n'kukakhala pakhomo pake kuyambira m'mawa mpaka anyamatawo anatopa n'kubalalika. Ine ndinawakwiyira sabata yathunthu.

Kutacha anthu anayamba kufika. Asodzi, ena ochokera ku Ngala, sanalowe m'madzi tsikulo. Anansi athu achisilamu anabwera ndi makasu awo kukathandiza adzukulu. Abwenzi anzawo a bambo anafika asanu okha, onse okalamba, atatsika basi pamsewu n'kuyenda pansi, fumbi mpaka m'mawondo. Anakhala pamphasa kumapeto osafunsa mpando.

Cha m'ma teni koloko tinamva hutala. Inali pikapu yodzaza amayi ovala nsalu za chipani chatsopano chimene chinali chitangolowa m'boma, kutsogolo kuli tcheyamani uja. Iye anali atangosintha malaya. Mimba ndi kayendedwe zinali zomwe zija. Anayamba kulira asanatsike n'komwe, kulira kopanda msozi, maso akufufuza ngati anthu akumuona. Posakhalitsa inafika galimoto ya chipani chakale, nawonso ndi nsalu zawo. Magulu awiriwa analimbirana mipando ya pansi pa mango, kenaka n'kuyamba kupikisana nyimbo ngati kuli mpira. Ambiri sankamudziwa n'komwe womwalirayo. Ndikudutsa ndi ketulo ndinamva mayi wina akufunsa mnzake ngati malirowo ndi a mwamuna kapena mkazi.

Tili pafupi kunyamula maliro, tcheyamani analowa m'nyumba ndi nsalu ya chipani chake. Anati akufuna kuphimba bokosi chifukwa malemu anali msilikali wa demokalase. Msilikali, munthu amene sanagwirepo ngakhale legeni. Achimwene anga anayang'ana pansi. Ankafunafuna ntchito ku boma, ndipo ankadziwa amene amagawa ntchito masiku amenewo. Amalume ananong'oneza kuti tisachititse manyazi alendo. Mayi anali asanalankhule chiyambire dzulo lake. Anakweza mutu.

"Bwererani nayo nsalu yanu," anatero. "Amuna anga anazizidwa zaka zinayi, simunawapititsire bulangeti."

Iye anaseka pang'ono ngati wamva nthabwala, anapinda nsaluyo n'kutuluka.

Tinadutsa m'minda ya chinangwa, mphepo ikutithira mchenga m'maso. Achipani anali atabwera ndi wojambula zithunzi. Pamene anaima iyeyo, onse anathamangira kukagwira bokosi, ena kukankhana ndi zigongono. Titangomudutsa anawasiyira asodzi, n'kumapukuta manja ndi mahanki.

Kumanda, mmodzi wa Abwenzi aja, mayi wa imvi, anafotokoza kuti malemu anapempha kuti pasakhale zolankhulalankhula. Tikhale chete, ndipo amene mtima wamukakamiza anene mawu ochepa. Tinakhaladi chete. Sindinaonepo anthu akuzunzika ndi bata ngati achipani aja. Ankatsokomola, kuyang'ana mawotchi, kudzikanda m'khosi. Tcheyamani anapirira mphindi zochepa, kenaka anatulutsa pepala m'thumba n'kukonza kukhosi. Asanatsegule pakamwa, bambo wina woonda amene sindinamuzindikire anaimirira kumbuyo kwa gulu. Anati iye ndi mmodzi wa ana amene anabisidwa m'nkhokwe yathu, ndipo tsiku lililonse malemu ankawabweretsera madzi ndi chinangwa chophika.

"Ena amene ankatisaka ndi miuni ali pompano," anatero. "Malemu anatiuza kuti tisamawatchule, ndiye sindiwatchula."

Anakhala pansi. Palibe amene anatembenuka kuyang'ana tcheyamani, ngakhale aliyense ankadziwa pamene waima. Pepala lija linabwerera m'thumba pang'onopang'ono. Kenaka tinangomva dothi likugwera pabokosi.

Kumandako achipani anachoka msanga, koma chakudya sanachisiye. Anadya mpaka kumasula lamba. Amayi a zipani zonse ziwiri anamanga mpunga wotsala m'nsalu zawo, ndipo pa ichi chokha sanakangane. Magalimoto ananyamuka osatsanzika.

Madzulo nyumba inali zii. Abwenzi asanu aja anatengedwa ndi anansi kukagona, mipando inali idakali panja, ndipo mwera unali utaleka. Ine ndi mayi tinakhala pamphasa m'chipinda mmene munali bokosi. Mayi anandifunsa ngati tcheyamani uja anadya. Ndinati eya, ndinamupatsira ndekha, koma choimirira, osagwada. Ndinkadikira kuti andidzudzule.

"Bambo ako akanagwada," anatero. Anakoka chitenje paphewa. "Ine ndikanamupatsa ndi dzanja lamanzere."