Chithunzi cha Nsagwada Zanga

Ndikukumbukira chaka chimene dzino linandisowetsa mtendere, ndili mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Tinkakhala ku Parklands mumzinda wa Nairobi, bambo akugwira ntchito ku Gigiri mumzinda womwewo. Mayi anali ataletsa zotsekemera, koma ine poweruka kusukulu ndinkaima pa kiosiki n'kugula mabuyu, malambe opaka shuga wofiira aja. Ndisanalowe pageti ndinkapukuta lilime ndi mpango mpaka lichite kuwawa.

Ululu utayamba kumapeto kwa nsagwada, sindinakayike kuti ndi mabuyuwo. Ndinapirira milungu itatu, ndikutafunira mbali imodzi ngati mbuzi. Amene anandiwonjezera mantha ndi Kadri, mnzanga wa ku Estonia wokhala naye desiki imodzi. Iye anali ndi mawaya m'mano, ndiye za madokotala ankazidziwa. Anati kwawo anamujambula ekisireyi ya m'kamwa monse, ndipo makinawo amaonetsa chilichonse chimene munthu anadyapo. Ndinamukhulupirira.

Tsaya litatupa, mayi anapita nane kuchipatala cha mano. Munkanunkha sipiriti. Anandiveka chovala cholemera pachifuwa, n'kundilumitsa kapulasitiki, makina akuzungulira mutu wanga uku akulira ngati njuchi. Tikudikira chithunzi pabenchi, ndinaganiza kuti bola ndiulule ndekha.

"Amayi, ndakhala ndikudya mabuyu."

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira titangofika ku Nairobi kuno."

Dokotala anapachika chithunzicho pagalasi lowala, ndipo ndinaona chigaza changa chikundisekerera. Panalibe dzino lobooka ngakhale limodzi. Analoza kumapeto: dzino latsopano linkamera chogona, likukankha linzake, ndipo tikanachedwa likanaliwononga. Shuga analibe mlandu. Mayi anandiyang'ana cham'mbali, milomo ikunjenjemera pobisa kuseka.

Dzino logonalo analichotsa sabata yotsatira, ndipo ndinamwa phala masiku asanu. Chilango sindinalandire, kupatula kuti Mmalawi aliyense wobwera kudzacheza ankaimva nkhaniyo ine ndili pomwepo ndikuthira tiyi.

Mwezi watha ndinaperekeza mwana wanga Tadala kukajambulitsa mano ake. Masiku ano chithunzi amachitumiza pafoni, ndipo iye anali atachigawira kale anzake tisanafike n'komwe pagalimoto, osaopa chilichonse. Kenako anandifunsa ngati changa ndikadali nacho. Ndinamuuza kuti chili ku Zomba, m'sutikesi ya agogo ake, mu envulopu imodzi ndi masatifiketi anga.