Ming'alu Imene a Makiyi Anabisa

Dzina lawo lenileni linaiwalika kalekale. Anthu ankangowatcha a Makiyi chifukwa cha mpukutu wa makiyi umene unkalira m'chiuno mwawo akamayenda, ndipo kwa zaka makumi atatu ndiwo ankatsegula, kusesa ndi kutseka nyumba yakale yowerengeramo mabuku. Anali mayi wamfupi, wosachedwa kulota ali maso. Tsache linkatha kuima pakati pa holo, mwiniwake akuyang'ana fumbi likusambira m'kuwala kwa m'mawindo aatali, n'kumaona anthu amene sanakumane nawo chibadwire: amisiri akale ali pamakwerero, akupatsirana njerwa mwakachetechete. Kuwerenga ankawerenga mokoka, koma nyumbayo ankaidziwa ngati m'kamwa mwawo.

Tsono nyumbayo inkadwala. Mvula ikagwa, khoma lakuvuma linkatuluka thukuta, mabuku a m'mashelefu a m'munsi n'kuchita chuku. Akuluakulu a mzinda ananena poyera kuti iwo manja afupika: thandizo likapanda kupezeka chaka chimenecho, atseka zitseko, mabuku asamukire kwina. Mawu oti kugwetsa sanatuluke pakamwa pa munthu, koma a Makiyi anawamva ndithu, ndipo chakudya chinasiya kuwakomera.

Mkulu wa laibulaleyo, bambo wofatsa wa magalasi, analemba makalata mpaka dzanja kuwawa. Mabungwe ena sankayankha, ena ankayankha ndi ulemu wambiri wopanda kanthu m'kati. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Tsiku lina bungwe losamalira nyumba zakale linalemba kuti litumiza katswiri kwa tsiku limodzi, ndipo zimene akaone ndi kujambula ndizo zidzagamule ngati thandizo libwere kapena ayi.

A Makiyi atamva kuti kukubwera mlendo, anachita zimene akhala akuchita zaka zonsezi mng'alu ukaoneka, kungoti ulendo uno anachita ndi mtima wonse. Anaitana mlamu wawo, womanga nyumba wolongolola, ndipo masiku awiri amene laibulale inali yotseka anamata simenti pena paliponse pong'aluka, penti yoyera pamwamba.

"Alamu, nyumbayi mukuidzoza ngati ikukakwatiwa," anatero womangayo. "Achimwene anga simunawasamalepo chonchi."

A Makiyi anayankha kuti achimwene akewo sankadontha mvula ikamagwa. Pomaliza anakhala pabenchi n'kumayang'ana khoma likuwala, ndipo m'mutu mwawo munadzaza kale ana a zaka zam'tsogolo, osabadwa, atakhala phee pamatebulo, denga lili louma.

Katswiri uja anali mtsikana wamng'ono ndithu, wa nsapato zafulati, ndi kamera pakhosi ndi kanyundo m'thumba. Analowa, n'kuima akuyang'anitsitsa makoma. A Makiyi anayesa wagoma ndi ukhondo, anayamba kumwetulira. Kenako mtsikanayo anafunsa kuti ming'alu yotchulidwa m'makalata ija ili kuti, nayamba kugogoda khoma pang'onopang'ono, khutu atalitsamiza pomwepo. Pena linkayankha molimba, pena linkalira ngati chigubu chopanda madzi.

Katswiriyo anafotokoza mosakweza mawu. Makoma akale ngati amenewa anamangidwa ndi laimu, ndipo laimu amalola chinyontho kutuluka; khoma limanyowa, n'kuuma lokha. Simenti imatsekera madzi m'kati, njerwa n'kumaolera kuseri kwake munthu osadziwa. Komanso anthu ogawa thandizo amayang'ana zithunzi, ndipo khoma losalala chonchi angaliyamikire n'kupereka thandizolo kwa ena. Iye sakanalemba zimene maso ake sanaone, ndiponso sakanaswa khoma lonse kuti asake mabala. Anafunsa amene anamata.

Mkulu wa laibulale anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Ankadziwa bwino, koma poteteza a Makiyi anati mwina ndi anthu akale. Apa a Makiyi akanatha kungokhala chete, tsache m'manja, ngati mmene osesa amakhalira akuluakulu akamakambirana. Zinawapweteka kwambiri kumva kuti chikondi chawo chomwe ndicho chinkadya nyumbayo. Koma manyazi adapha lambe, ndipo mtsikanayo anali atayamba kale kutseka kamera.

"Ndine, mwanangu," anatero. "Ndinamata ndine, ndipo ndikudziwa pamene pali uliwonse."

Anatsinzina pang'ono, ndipo pansi pa penti ming'alu yonse inawaonekera, ikutsika ngati timitsinje. Anayenda ndi chala pakhoma, katswiri akutsatira ndi choko. Uwu unayamba chaka chimene mtengo waukulu wa panja unadulidwa. Uwu umatseguka nthawi yotentha n'kubwereranso. Uwu, wa pansi pa windo lachitatu, aumata kasanu, ndipo nthawi zonse umabwerera utatalika ndi chikhatho chimodzi. Mtsikanayo ankalemba mofulumira, ndipo ananena kuti nyumba zambiri zimene amayendera zilibe munthu wokumbukira zoterezi. Pamene dzuwa linkapendeka, khoma loyera lija linali litadzaza mizere.

Panatsala kutsegula malo amodzi kuti kamera ione. Katswiri anakweza kanyundo kake, koma a Makiyi anatambasula dzanja, ndipo mtsikanayo anawapatsa. Anamenya pansi pa windo lachitatu. Chibenthu cha simenti chinagwa pansi pamene anakolopa m'mawa womwewo, ndipo kuseri kwake njerwa inali yakuda, yonyowa. Ataigwira inangonyenyeka m'zala.

Anayang'ana dothi linali m'dzanja mwawo, kenako anapatuka kuti asatchinge kuwala.

"Jambulani," anatero. "Jambulani bwino, akaone mmene ndaipwetekera nyumbayi."