Dothi la Pachulu Limene Ndinathira M'dimba

Ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, galimoto yonyamula mafuta a dizilo, amene kwathu timati gazolyo, inagubuduka pamsewu wa Cuamba kupita ku Mandimba, chakufupi ndi Mitande, kumtunda kwa dimba la agogo anga. Tinkakhala awiriwiri chimwalirire makolo anga. Dimbalo ndilo linkatidyetsa m'chilimwe. Munali ndiwo zamasamba za kove, tomato, anyezi, ndi chitsime chokumba ndi khasu pakona yakumunsi. Madzi ake tinkamwa, tinkathirira.

Mafuta ambiri anathera m'munda wa chinangwa wa aneba athu. Koma ine ndinali mwana woyenda choweramira. Tsiku lachiwiri ndinaona kamzere kakuda katatsata ngalande ya madzi amvula, n'kulowa pansi pa mpanda wathu. Kanakathera pafupi ndi chitsime, pomwe panali chigamba chakuda chonga lichero. Nyerere zinkachilambalala. Agogo maso anali atayamba kuchita khungu, fodya wa m'mphuno n'kuwapha fungo, ndipo ine sindinawauze.

Mlembi wa mudzi anadzanena kuti mawa kubwera anthu a boma oona za chilengedwe.

"Alendo asadzapeze ngati kuno kumagona mbuzi," anatero agogo. "Sesa paliponse."

"Ndi kudimba komwe, agogo?"

"Kudimbako n'kwa ambuyako ena? Makutu awiri, kufunsa ngati uli ndi limodzi."

Kwathu mlendo saonetsedwa uve. Ndinasesa pabwalo, ndinazira khonde, kenako ndinatsikira kudimba ndi khasu ndi dengu. Ndinatuta dothi lofiira pachulu, n'kukwirira kamzere konse kuyambira pampanda. Pachigamba paja ndinaunda mzere, n'kubzalapo kholowa. Nditamaliza ndinaima patali kuyang'ana, mtima uli mbee. Palibe akanadziwa.

Anabwera atatu. Wotsogolera anali mayi wovala nsapato zazitali za mphira, atanyamula chitsulo choboolera nthaka ndi timabotolo. Ankatsata pakuda, kutapa dothi, n'kukhoma zikhomo zomangidwa nsalu yofiira. Mlembi anatimasulira kuti dothi lonse la m'kati mwa zikhomozo eni galimoto adzalikumba n'kubweretsa lina, ndipo chitsime chopezeka m'katimo chidzalowedwa m'malo ndi mjigo.

Pampanda wathu kuda kunathera.

"Amayi, akufunsa ngati mafuta anafika kwanu," anatero mlembi.

"Auzeni aone okha," anayankha agogo. "Ndine wosauka, koma si ndine wauve."

Mayi uja anasuzumira m'dimba, n'kunena mawu m'Chipwitikizi amene anamuseketsa mlembi.

"Akuti dimba losamalika chonchi sanalione chichokere ku Lúrio."

Agogo anakonza mpango kumutu, kunyada. Mayiyo anatunga botolo limodzi pachitsime, kenako anatembenukira kwa ine. Ndinali nditagwada pambali, nditagwira beseni la madzi osamba m'manja.

"Iwe, mtsikana," anatero m'Chinyanja chothyokathyoka, "waona chiyani?"

Mapazi ake anali pafupi ndi kholowa uja. Koma mwana angatsutse bwanji wamkulu pamaso pa alendo, wamkuluyo atangoyamikiridwa kumene? Ndiponso ndinkafuna kuti chiyamikiro chija chikhalebe changa.

"Palibe, mayi."

Chikhomo chomaliza anachikhoma kunja kwa mpanda wathu. Madzi a m'botolo muja anapezeka abwino, pakuti mafuta anali asanatsike. Aneba aja eni galimoto anawakumbira, anawathirira dothi latsopano, mapepala anasainidwa.

Mvula itagwa, mafuta anatsika. M'mawa wina agogo anamwa tiyi, n'kulavula.

"Ketuloyi wasuka ndi chiyani?"

Ndinapita kuchitsime. Pamwamba pa madzi panali mitundu ngati ya pakhosi pa nkhunda.

Mlembi anatumiza uthenga, ndipo mayi uja anabweranso mvula itatha. Anaboola apa ndi apo, kenako anafika pamzere wa kholowa. Chitsulo chinatuluka ndi dothi la mitundu iwiri, lofiira pamwamba, lakuda lonunkha pansi. Anatiuza kuti tisamwenso madziwo, tisathirire, tisadye chomera pamenepo. Anati ayesetsa, koma kukhala kovuta, chifukwa eni galimoto ali ndi pepala loyamba lonena kuti kwathu kunali koyera, ndipo anena kuti mafuta amenewa ndi ena.

Agogo anatola dothi lofiira lija, n'kulifikisa ndi zala pafupi ndi maso. Dothi la m'dimba ndi lakuda bii, ndipo iwo anakhala akulilima kuyambira ali mtsikana. Anayang'ana kuchulu. Sanayang'ane kwa ine.

Alendo atapita tinakwera kunyumba, iwo patsogolo, ine pambuyo. Ndinkadikira mbama, ndinkaifuna. Pakhomo anaima, n'kunena osatembenuka:

"Unasesadi."

Nkhaniyo sanaitchulenso mpaka kumwalira kwawo. Mjigo sunabwere. Madzi tinayamba kukatunga kwa aneba, ndipo m'chilimwe agogo, amene ankagawira anthu ndiwo, ankapita kukathirira m'madimba a eni kuti apatsidwe kamtolo ka kove. Ndinkawaletsa, ndinkati ndipita ndine. Ankangonyamula chitini chawo.

Tsopano ndimakhala ku Cuamba. Ndikapita kumudzi ndimatsikira kudimba kuja. Mpanda unagwa, chitsime chinakwiririka, koma kholowa anayanga pakona yonse, wobiriwira, wonenepa. Ana odutsa ndimawauza kuti asathyole.